William Herschel: Woyimba Amene Anazindikira Nyenyezi Zoyenda Ziŵiriziŵiri

William Herschel anabadwira mumzinda wa Hanover ku Germany pa 15 Novembala 1738. Bambo wake anali woyimba m'gulu la asilikali, ndipo mwanayo analoŵa ntchito yomweyo akadali mnyamata. M'chaka cha 1757 anasamukira ku England, ndipo pofika 1766 anali woyimba limba m'tchalitchi china mumzinda wa Bath. Maphunziro a nyenyezi sanawapeze kusukulu yaukachenjede. Anadziphunzitsa yekha poŵerenga mabuku usiku ataŵeruka. Popeza analibe ndalama zogulira telesikopu yaikulu, anayamba kusula ndi kupala yekha akalilole achitsulo. Mlongo wake Caroline, amene anamutsatira ku Bath mu 1772, ndiye ankalemba zonse zimene iye ankawona.

Anthu ambiri amamukumbukira chifukwa chotulukira pulaneti ya Uranus pa 13 Malichi 1781. Zimenezi zinachititsa Mfumu George III kumpatsa malipiro a mapaundi 200 pachaka kuti asiye zoyimbayimba. Komatu usiku umenewo Herschel sankafuna pulaneti. Ankafunafuna nyenyezi zimene zimawoneka ziŵiriziŵiri mogundizana, ndipo cholinga chake chinali kuyeza kutalika kwa mtunda wopita ku nyenyezi.

Maganizo ake anali otere. Munthu akamayenda pamsewu, mtengo wapafupi umawoneka ngati ukusuntha patsogolo pa phiri lakutali. Herschel ankakhulupirira kuti pa nyenyezi ziŵiri zogundizana, yoŵala kwambiri ili pafupi ndipo yozilala ili kutali, kungoti zangopezeka pamzere umodzi. Tsono pamene dziko likuzungulira dzuŵa, yapafupiyo iyenera kuwoneka ngati ikupita uku ndi uku chaka chilichonse. Choncho anasonkhanitsa nyenyezi zotere mazanamazana, nazilemba m'ndandanda wake woyamba mu 1782.

Panali munthu wina amene anali atachenjeza kale. M'chaka cha 1767, m'busa wina wa ku England dzina lake John Michell anasonyeza mwa masamu kuti nyenyezi za Nsangwe sizikanawunjikana malo amodzi mwangozi, ndiponso kuti nyenyezi zambiri zowoneka ziŵiriziŵiri n'zoyandikanadi. Ngati Michell ankanena zowona, ndiye kuti njira ya Herschel inali yopanda ntchito.

Herschel sanatsutse ndi pakamwa. Anadikira, pakuti kuwona maso a nkhono n'kudekha. Patapita zaka pafupifupi 25 anayezanso nyenyezi zake, ndipo anapeza kuti zina, monga ziŵiri za Castor, zinali zitasunthadi. Koma sizinkapita uku ndi uku chaka ndi chaka monga ankayembekezera. Zinkazungulirana pang'onopang'ono, zitamangidwa ndi mphamvu yokoka. Mu 1803 analengeza zimenezi poyera, ngakhale kuti zinkagwetsa maziko a ntchito imene anaitayira zaka zambiri. Mtunda wopita ku nyenyezi sanaupeze mpaka imfa yake. Anadzaupeza ndi Friedrich Bessel mu 1838. Koma Herschel anasonyeza kuti mphamvu imene imagwira dziko kuti lisathaŵe dzuŵa imagwiranso ntchito pakati pa nyenyezi zakutali.

Funso lina limene linamusautsa linali la kubadwa kwa nyenyezi. Pamodzi ndi Caroline analemba magulu a nyenyezi ndi timitambo toŵala ta kuthambo tokwana 2,500. Moyo wa munthu ndi waufupi, sangawone nyenyezi ikubadwa mpaka kukalamba. Herschel anayerekeza thambo ndi munda mmene muli mbewu zongomera kumene, zamaluŵa ndi zofota, kotero kuti woyang'ana tsiku limodzi angathe kudziŵa moyo wonse wa mbewuyo. M'zaka za 1811 ndi 1814 anasanja timitambo tija motsata msinkhu, nanena kuti mphamvu yokoka imawunjika mtambo mpaka usanduke nyenyezi. Pa timitambo tina anaphonya, chifukwa tina ndi mpweya wotayidwa ndi nyenyezi zimene zikufa, ndipo tina ndi milalang'amba yakutali. Koma pa mfundo yaikuluyo analondola.

Lero akatswiri akudziŵa kuti mafunso aŵiri a Herschel ndi funso limodzi. Nyenyezi zimabadwa m'magulu kuchokera mu mtambo umodzi wa mpweya ndi fumbi, ndipo zambiri zimabadwa ndi zinzake. Mu mtambo woŵala umene uli pafupi ndi nyenyezi za Akamwiniatsatana muli nyenyezi za zaka mamiliyoni oŵerengeka chabe, pamene za Nsangwe zili ndi zaka zoposa pang'ono 100 miliyoni. Pafupifupi theka la nyenyezi zonga dzuŵa zili ndi inzake. M'magulu othithikana, nyenyezi zodutsa pafupi zimalekanitsa ziŵiri zimene zinatalikirana, n'kusiya zogwirana zolimba. Motero poŵerenga nyenyezi zoyenda ziŵiriziŵiri m'gulu laling'ono msinkhu, akatswiri amadziŵa mmene gululo linabadwira ndi zimene lakumana nazo. Ndiponso mayendedwe a nyenyezi zozungulirana ndiwo amawathandiza kuyeza kulemera kwa nyenyezi.

Herschel anamwalira ku Slough pa 25 Ogasiti 1822 ali ndi zaka 83. Mwana wake John anatenga telesikopu napita nayo ku Cape Town, kumene kuyambira 1834 mpaka 1838 analemba nyenyezi zoyenda ziŵiriziŵiri ndi magulu a nyenyezi a thambo lakummwera, limene bambo wake sanaliwonepo. Wophunzira amene akuyesa chinthu n'kupeza yankho losiyana ndi limene ankafuna akumbukire kuti Herschel analemba zimene maso ake anawona, ngakhale pamene zinkatsutsa iye mwini.