Cecil Rhodes: mkulu amene kampani yake inkalipira boma la Nyasaland

Nthawi zonse pakatuluka nkhani ya wabizinesi amene wapata tenda chifukwa chodziwana ndi nduna, pa Facebook timakuwa ngati ndi matenda a chaka chino. Ine ndati lero ndikufotokozereni za munthu amene anasewera mpira umenewu mpaka kampani yake kumalipira boma limene linkalamulira agogo athu. Dzina lake ndi Cecil John Rhodes.

Anabadwa mu 1853 ku Bishop's Stortford, ku England, mwana wa mbusa. Anali wodwaladwala, ndiye ali ndi zaka 17 anamutumiza ku Natal kuti akalime thonje ndi mkulu wake Herbert. Thonjelo silinapite patali. Mu 1871 anali kale ku Kimberley, kumene aliyense ankathamangira kukakumba dayamondi. Herbert uja, mwa njira, anadzafera kuno kwathu, m'chigwa cha Shire, pa ngozi ya moto mu 1879.

Pamene anzake ankangokumba, Rhodes ndi mnzake Charles Rudd anagwiranso ntchito yopopa madzi m'migodi ya anthu ena, ndalama zake n'kumagulira timigodi ta amene atopa. Mkati mwa zonsezi ankapitanso ku Oxford, kulowa n'kutuluka, moti digiri imene anaiyamba mu 1873 anaimaliza mu 1881. Ife ena amene tinaima panjira, apa pokha mkuluyu amatilimbitsa mtima.

Nzeru yake yaikulu inali yakuti dayamondi akachuluka pamsika mtengo umagwa, choncho migodi yonse iyenera kukhala m'manja amodzi. Ndi ndalama za banki ya Rothschild analimbana ndi Barney Barnato mpaka kumumeza, ndipo mu 1888 panabadwa De Beers Consolidated Mines. Cheke chimene anagulira kampani ya Barnato chinali cha mapaundi oposa 5 miliyoni. Posakhalitsa De Beers inagwira pafupifupi 90 peresenti ya dayamondi wa dziko lonse, n'kumatulutsa pang'onopang'ono kuti mtengo usatsike. Antchito achikuda ankatsekeredwa m'makomboni mpaka kontrakiti itatha, kumasechedwa thupi lonse ngati akuba.

Koma chimene chimandichititsa chidwi kwambiri ndi mmene ankachitira ndi boma. Sanadikire kuti aphungu amuchitire chifundo, analowa yekha m'nyumba ya malamulo ya Cape, ndipo mu 1890 anakhala nduna yaikulu. Tangoganizani: mwini migodi ndi yemweyo, wopanga malamulo a antchito ndi yemweyonso. Mu 1892 boma lake linakweza mtengo wa katundu amene munthu ankafunika kukhala naye kuti avote, kuchoka pa mapaundi 25 kufika pa 75, anthu akuda ambiri n'kugwa m'kaundula. Mu 1894 linabwera lamulo la Glen Grey, lokhala ndi msonkho wa mashilingi 10 kwa mwamuna amene sanatuluke m'dera lake kukagwira ntchito. Ankafuna manja otchipa, basi.

Kumpoto anagwiritsa ntchito pepala. Mu October 1888 Rudd anasainitsa Lobengula, mfumu ya Andebele, chikalata chopereka miyala yonse ya mtengo wapatali m'dziko lake posinthana ndi mfuti 1,000, zipolopolo 100,000 ndi mapaundi 100 pamwezi. Lobengula atazindikira zimene zinalembedwamo anachikana, koma Rhodes anali atapita nacho kale ku London. Kumeneko anaika akuluakulu awiri a ulemu wa Duke m'bodi ya kampani yake, mmodzi wa iwo mkamwini wa ku banja lachifumu, anthu ofunika n'kulandira masheya. Mu October 1889 Mfumukazi Victoria inavomereza British South Africa Company, kampani yokhala ndi mphamvu zopanga malamulo, kukhala ndi apolisi ake ndi kugawa malo. Boma la Britain linasangalala chifukwa linkapeza maiko osatulutsa ndalama. Mu 1893 mfuti za Maxim zinathetsa ufumu wa Lobengula.

Tsono apa ndi pamene nkhaniyi ikutikhudza. Mu 1891 Britain italengeza kuti dziko lino lili pansi pa chitetezo chake, ku London kunalibe amene ankafuna kulipira. Kampani ya Rhodes ndiyo inkapereka mapaundi 10,000 pachaka kwa Harry Johnston kuti ayendetse boma ndi apolisi. Ndalamazi sizinali zachifundo ayi. Rhodes ankafuna kuti dziko lino lidzalowe m'manja mwa kampani, koma amishoni a ku Scotland anakana zolimba, ndipo Johnston naye anadzayambana naye. Komabe kampaniyo inagwira African Lakes, ija tonse timaidziwa kuti Mandala, ndipo inatsala ndi maekala oposa 2 miliyoni kumpoto, mbali ya Karonga. Mukamadutsa pa Mandala House ku Blantyre, dziwani kuti dzanja la mkuluyu linafikapo.

Chinamugwetsa ndi changu. Kumapeto kwa December 1895 mnzake Leander Starr Jameson analowa ku Transvaal ndi asilikali a kampani kuti akagwetse boma la Paul Kruger, kumene kunali golide. Anagwidwa patangopita masiku ochepa. Rhodes anatula pansi udindo mu January 1896, Jameson anapita kundende, koma mwini dongosolo sanazengedwe mlandu ndipo chilolezo cha kampani sichinalandidwe. Anthu ake anali ndi matelegalamu osonyeza kuti nduna yoona za atsamunda, Joseph Chamberlain, inkadziwa za chiwembucho. Aliyense anagwira mnzake pakhosi, onse n'kukhala chete.

Anamwalira mu March 1902 ali ndi zaka 48, wosakwatira, ndipo anaikidwa pa mapiri a Matobo ku Zimbabwe. Chuma chake chimalipirabe ophunzira ku Oxford, ndipo chiboliboli chake chinachotsedwa pa yunivesite ya Cape Town mu 2015 ophunzira atakwiya. Kampani yake inakhalitsa kuposa iye. Eni masheya anadikira mpaka m'ma 1920 kuti alandire phindu loyamba, koma kopa wa ku Zambia anadzawabwezera zonse. Ufulu wa miyala ya dzikolo anaugwirabe mpaka usiku woti mawa lake Zambia ilandira ufulu mu October 1964, ndipo anausiya atapatsidwa mapaundi 4 miliyoni, theka lake kuchokera m'thumba la Zambia yemweyo.