Dido Belle, Mwana wa Mdzakazi

M'dziko la Scotland muli nyumba yaikuru yakale, dzina lace Scone Palace. Pa khoma lace papacikidwa cithunzithunzi ca anamwali awiri, colembedwa ndi utoto wa mafuta pafupi ndi caka ca 1778. Mmodzi, mzungu, wakhala pansi ndi buku m'dzanja lace. Ndiye Lady Elizabeth Murray. Winayo ngwakuda, wabvala silika ndi mkanda wa ngale, nanyamula zipatso. Alikumwetulira, cala cace ciri pa tsaya. Zaka zambiri anthu anamyesa wanchito cabe, pakuti dzina lace linaiwalika. Iyeyu ndiye Dido Elizabeth Belle, mbale wace wa Elizabeth.

Dido anabadwa caka ca 1761. Atate wace, Sir John Lindsay, anali mkuru wa ngalawa ya nkhondo. Amace, Maria Belle, anali kapolo wa mtundu wa ku Africa. M'maiko a ukapolo mwana wa mdzakazi anayesedwa kapolo nayenso. Koma Sir John anamtengera ku England akali wamng'ono, nampereka kwa amalume ace, Lord Mansfield, woweruza wamkuru wa dzikolo.

Ku nyumba yao ya Kenwood, pafupi ndi London, Dido analeredwa pamodzi ndi Elizabeth. Anaphunzira kuwerenga ndi kulemba, nayang'anira nkhuku ndi mkaka, nalemberanso nkhalambayo akalata. Anamkonda ndithu, koma ulemu sanampatsa wonse. Mlendo wina wa caka ca 1779 anaona kuti namwaliyo sanadya nao pagome, koma analowa anthu atatha kudya. Taganizani, ana inu, mwana wa pakhomo kudikira comweco!

Caka ca 1772 mlandu waukuru unafika kwa Lord Mansfield. Kapolo wina, James Somerset, anathawa mbuye wace, ndipo atamgwira anafuna kukamgulitsa ku Jamaica. Woweruzayo anagamula kuti nkosaloleka kumturutsa m'England mokakamiza, ndipo Somerset anamasulidwa. Koma ukapolo sunatha pomwepo ai. Cotero polemba mau ogawira cuma cace, Lord Mansfield ananenetsa kuti Dido ndiye mfulu, namsiyira mapaundi 500, ndi ena 100 caka ndi caka.

Nkhalambayo inamwalira caka ca 1793. Caka comweco Dido anakwatiwa ndi John Davinier, munthu wa ku France, nabala ana amuna atatu. Anamwalira ku London caka ca 1804, zitatsala zaka zitatu kuti Britain aletse malonda a akapolo.