Joseph Chamberlain: mkulu wa kampani amene anakonza mzinda wa Birmingham

Pamene a Joseph Chamberlain ankasankhidwa kukhala mfumu ya mzinda wa Birmingham ku England m'chaka cha 1873, anthu ambiri a mumzindawo ankamwa madzi a m'zitsime zoipitsidwa ndi zimbudzi.

A Chamberlain anabadwira ku London pa 8 July 1836. Ali ndi zaka 18 anapita ku Birmingham kukagwira ntchito pa kampani ya abale awo yopanga masikuluwu, yomwe inadzatchedwa Nettlefold and Chamberlain. Atalemera, anasiya malonda mu 1874 n'kudzipereka ku ntchito za khonsolo.

Luso lawo loyendetsa chuma linaonekera msanga. Mu 1875 khonsolo inagula makampani awiri a gasi, ndipo mu 1876 inatenga kampani ya madzi. Mfundo yawo inali yakuti gasi azibweretsa ndalama ku khonsolo, koma madzi asakhale chinthu chopangirapo phindu chifukwa ndi moyo wa anthu.

Iwo anatsogoleranso ntchito yogwetsa nyumba zakutha pakati pa mzinda ndi kulambula msewu wa Corporation Street. Komabe ntchitoyi inadzudzulidwa chifukwa osauka ambiri amene anasamutsidwa sanamangiridwe nyumba zina msanga.

Mu 1876 anakhala phungu wa nyumba ya malamulo, ndipo kuyambira 1895 mpaka 1903 anali nduna yoona za maiko olamulidwa ndi Britain. Anamwalira pa 2 July 1914.

Mwana wawo, Neville, anakhalanso mfumu ya mzindawo mu 1915, ndipo mu 1937 anakhala nduna yaikulu ya Britain.