Tanyao, Mmonke Amene Adasema Phiri

Pakati pa anthu amene adasiya mbiri yawo pa mwala m'dziko la China, dzina la Tanyao silingaiwalike. Iyeyu adali mmonke wa chipembedzo cha Buddha wochokera ku dera la Liangzhou, limene mafumu a Northern Wei adaligonjetsa m'chaka cha 439. Amonke ndi amisiri ambiri a kumeneko adasamutsidwira ku Pingcheng, likulu la ufumuwo, kumene lero kuli mzinda wa Datong.

M'chaka cha 446 kudagwa mazunzo oopsa. Mfumu Taiwu, pomvera mlangizi wake Cui Hao, idalamula kuti akachisi agumulidwe, mafano aswedwe, ndipo amonke aphedwe. Ambiri adavula mikanjo yawo kuti apulumuke, koma Tanyao adabisala osataya chikhulupiriro chake. Mfumu Wencheng italowa ufumu mu 452, idabwezeretsa ufulu wa chipembedzocho, ndipo cha m'ma 460 idamuika Tanyao kukhala mkulu wa amonke onse.

Munthu amene adaona mafano a mtengo akupsa ndi a mkuwa akusungunulidwa adadziwa chimene chingapirire mkwiyo wa mafumu. Motero adapempha chilolezo chosema mapanga asanu pa thanthwe la Yungang, makilomita 16 kumadzulo kwa Datong. Lero mapangawo ali ndi manambala 16 mpaka 20, ndipo m'phanga lililonse muli chifanizo chachikulu cha Buddha. Cha m'phanga la 20, chokhala pansi, n'chotalika mamita 13.7. Akatswiri ambiri amati mafano asanuwa ankaimira mafumu asanu a Northern Wei. Apa mpamene pagona nzeru za Tanyao, pakuti mfumu yofuna kuswa Buddha ikadakhala ikuswa makolo ake omwe.

Iye adakhazikitsanso dongosolo loti mabanja ena a alimi azipereka mbewu ku nyumba za amonke chaka ndi chaka, kuti zizithandiza anthu pa nthawi ya njala, pamene akapolo ndi olakwira malamulo ankalima minda ya akachisi. Mu 472 adathandizanso kumasulira mabuku opatulika a ku India m'Chitchaina.

Likulu litasamukira ku Luoyang mu 494, amisiri adakayamba ntchito yonga yomweyi ku Longmen. Ku Yungang kuli mafano oposa 51,000, ndipo mu 2001 bungwe la UNESCO lidaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi.