Dr. Daniel Sharpe Malekebu: Mnyamata Amene Adalondola Mphunzitsi Wake

Poyendera ophunzira athu amene akuyesera ntchito ya uphunzitsi m'sukulu za ku Nsaru, Kabudula ndi Mpingu, ndakhala ndikufunsa ana a Sitandade 7 ndi 8 kuti atchule Mmalaŵi woyamba kulandira digiri ya udokotala. Ambiri amatchula Dr. H. Kamuzu Banda, ena amangoŵerama. Yankho loona ndi Dr. Daniel Sharpe Malekebu a ku Chiradzulu, amene adatsiriza maphunziro awo pa Meharry Medical College m'chaka cha 1917, kutatsala zaka 20 kuti Dr. Banda atsirize pa sukulu yomweyo. Mbiri ya munthu ameneyu iyenera kudziŵika kwa mphunzitsi aliyense, pakuti ikutisonyeza zimene mphunzitsi mmodzi angathe kuchita pa moyo wa mwana amene alibe pogwira.

Daniel adabadwa cha m'chaka cha 1889 m'banja la Chiyao. Adakula pamene boma la atsamunda linali kukhazikika kumene, ndipo anthu a m'dera lakwawo ankalemedwa ndi msonkho wa nyumba ndi thangata ya m'minda ya azungu. Sukulu zinali za mishoni zokha, ndipo mwana wanzeru kwambiri ankathera pa uphunzitsi wa kumudzi, ukalaliki, kapena kuthandiza dokotala wachizungu kumanga zilonda. Sukulu ya sekondale kunalibe m'dziko lonse. Zoyamba zidatsegulidwa m'zaka za m'ma 1940. Motero umphaŵi umene Daniel adalimbana nawo sunali wa ndalama wokha ayi, komanso wa kusoŵa khomo loloŵera.

M'chaka cha 1900 Mbusa John Chilembwe, atabwerako ku America, adatsegula mishoni ya Providence Industrial Mission pa Mbombwe, ndipo Daniel adakhala mmodzi mwa ana oyamba kuphunzira pamenepo. Mu 1902 padafika mayi wina wachikuda wochokera ku Florida, dzina lake Emma DeLaney, amene adaphunzira pa Spelman Seminary mu mzinda wa Atlanta ndipo ankadziŵanso za unamwino. Mayiyu adamtenga Daniel kuti azimthandiza ntchito za pakhomo ndi kumtanthauzira mawu polankhula ndi anthu. Ntchito yotanthauzira ndi sukulu yaikulu: tsiku ndi tsiku mnyamatayo ankamva Chingerezi, kuchilankhula ndi kukonzedwa akalakwitsa. Koma choposa Chingerezi, adaona ndi maso ake munthu wakhungu longa lake amene adaphunzira kwambiri, ndipo adazindikira kuti maphunziro apamwamba sadalengedwere mzungu yekha.

Mayi DeLaney adabwerera kwawo mu 1905. Daniel adafunitsitsa kupita nawo, koma makolo ake adakana. Tisafulumire kuwadzudzula, chifukwa malonda a ukapolo anali atangotha kumene m'dera limenelo, ndipo anthu ankakumbukira bwino kuti wopita kunyanja yamchere sankabwerera. Mnyamatayo, ali ndi zaka ngati 16, adathaŵa kwawo nauyamba ulendo wa pansi wopita ku doko la Beira ku Mozambique, mtunda woposa makilomita 400. Njanji inali isanafike ku Blantyre, ndipo ulalo wa pa Zambezi udamangidwa patapita zaka 30. Atafika ku Beira analibe ndalama zolipirira sitima ya pamadzi, choncho adapempha ntchito m'sitimamo, nagwira ntchito yotumikira mpaka ku London. Kuchokera kumeneko adaoloka nyanja ya Atlantic nafika ku New York m'chaka chomwecho.

Ku America adalandiridwa ndi mphunzitsi wake uja pamodzi ndi atsogoleri a mpingo wa National Baptist Convention, makamaka Mbusa Lewis G. Jordan, mlembi wa bungwe loona za mishoni za kunja. Mpingowu unali wa anthu akuda, ambiri mwa iwo ana ndi adzukulu a akapolo, osauka ndi osalidwa m'dziko lawo lomwe. Anthu otereŵa ndiwo adamuimira mwana wa eni, monga akulu adanenera kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Daniel adaphunzira pa Selma University ku Alabama, kenaka pa National Training School ku Durham, North Carolina, ndipo pomaliza adaloŵa Meharry Medical College mu mzinda wa Nashville, Tennessee.

Malo pa Meharry sanali opezeka wamba. Sukuluyi idakhazikitsidwa mu 1876 kuti iziphunzitsa madokotala achikuda, popeza sukulu zambiri za azungu sizinkawalandira. Lipoti la Abraham Flexner la mu 1910 litakhwimitsa malamulo a maphunziro a udokotala, mwa sukulu zisanu ndi ziŵiri za anthu akuda zidatsala ziŵiri zokha, Howard ndi Meharry. Pa khomo lopapatiza chotero mpamene adaloŵera mnyamata wa ku Chiradzulu. Kuchokera tsiku limene adathaŵa kwawo kufikira tsiku limene adalandira digiri padapita zaka 12.

Dr. Malekebu adapitiriza kuzoloŵera ntchito ya chipatala ku Philadelphia, naphunziranso za Mawu a Mulungu pa Moody Bible Institute ku Chicago. Mu 1919 adakwatira Flora Zeto, wobadwira ku Congo, amene adatengedwa ali mwana ndi mmishonale Clara Howard nakaphunzira pa Spelman. Onse aŵiri anali ana a ku Africa amene adaleredwa ndi aphunzitsi achizimayi, ndipo onse aŵiri anali ndi mtima wobwerera.

Pano mpamene padabwera chiyeso choŵaŵa kuposa ulendo wa ku Beira. Iwo ali ku sukulu, mu Januwale 1915, Chilembwe adaukira boma la atsamunda, naphedwa pa 3 Febuluwale. Tchalitchi cha pa Mbombwe chidagumulidwa ndipo mishoni idatsekedwa. Kuyambira pamenepo boma lidayamba kukayikira Mwafirika aliyense wophunzira ku America. Choncho Dr. Malekebu ndi akazi awo atafika ku Port Herald, komwe lero ndi ku Nsanje, mu 1921, adawakaniza kuloŵa. Dziko limene linali ndi madokotala oŵerengeka lidabweza mwana wake woyamba kukhala dokotala ali pakhomo penipeni.

Munthu wina akadabwerera ku America kukatsegula chipatala chake ndi kuiŵala zonse. Iwo sadatero. Adakhala kanthaŵi ku Cape Town akutumikira mpingo, kenaka adapita ku Liberia kukagwira ntchito pa sukulu ya Ricks Institute, uku akulembabe makalata opempha chilolezo chobwerera kwawo. Kuona maso a nkhono n'kudekha: boma lidavomera, ndipo mu 1926 adafika pa Mbombwe, patatha zaka 21 chichokereni ndi zaka 9 chilandirireni digiri. Mayi DeLaney sadaone tsiku limeneli, pakuti adamwalira mu 1922.

Pa Mbombwe adapeza bwinja. Adatsegulanso sukulu, adamanga tchalitchi chatsopano cha New Jerusalem, ndiponso adakhazikitsa chipatala chimene chidatchedwa James E. East Memorial Hospital. Munthu mmodzi yemweyo anali dokotala, mbusa ndi mkulu wa sukulu, pamene Mayi Malekebu ankaphunzitsa atsikana ndi amayi. Mu 1929 adatsogolera kukhazikitsidwa kwa bungwe la Chiradzulu District Native Association, kumene mafumu ndi anthu ophunzira ankadandaulira boma za malo, msonkho ndi thangata. Mpingo wa PIM udafalikira mpaka ku Dedza ndi kuno ku Lilongwe, ndiponso pakati pa Amalaŵi ogwira ntchito ku Southern Rhodesia ndi ku South Africa. Mu 1945 adayambitsa National Baptist Assembly of Africa. Zaka zawo zomaliza sizinali zosalala: mu 1971 adachoka pa utsogoleri pakati pa kusamvana pa za kayendetsedwe ka mishoni, ndipo mpingo udagaŵikana. Adamwalira mu 1978. Ana tiwauze zimenezinso, kuti adziŵe kuti anthu otchuka nawonso ndi anthu.

Tsono mbiri imeneyi ili ndi chiyani kwa mphunzitsi wa ku Nambuma kapena ku Namitete? Mwana wa lero sayenera kuoloka nyanja kuti akhale dokotala. College of Medicine idatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, ndipo mu 2021 idaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing kupanga Kamuzu University of Health Sciences. Maphunziro a pulayimale akhala aulere chiyambire 1994. Komabe Beira wa mwana wa kwathu kuno akadalipo. Ndi nyengo yosoka fodya imene imamjombetsa milungu ingapo, ndi ng'ombe zofuna woŵeta, ndi njala ya mu Januwale ndi Febuluwale, ndi ganyu, ndi malo ochepa a ku sekondale, ndipo kwa mtsikana ndi banja lofulumira. Mphunzitsi sangathetse zonsezi, koma angathe kuchita zimene adachita Mayi DeLaney.

Choyamba, adamuona mwanayo. M'kalasi la ana ochuluka nkwapafupi kudziŵa okhala patsogolo okha. Kaundula wa tsiku ndi tsiku tisamuyese mwambo chabe. Dzina likasoŵa masiku atatu, tifufuze chifukwa chake. Chachiŵiri, adampatsa ntchito yofuna nzeru. Mwana amene taona kuti ali ndi mphatso timpatse mpata woŵerengera anzake, wosunga mabuku a kalasi, kapena wotsogolera gulu pa phunziro la sayansi. Chachitatu, chimene chidalephereka pa nthaŵi ija ife tichikonze: makolo a Daniel adatsala ndi mantha, ndipo mwana adachoka mothaŵa. Phunziro la mbiriyi si lakuti ana azithaŵa kwawo ayi. Ndi lakuti mphunzitsi ayende kukakhala pamphasa ndi makolo ndi atsibweni a mwanayo, kuwafotokozera mwaulemu kumene njira ya sukulu ikupita.

Pophunzitsa mbiriyi, mphunzitsi ajambule mapu pa bolodi, ana alondole ulendo kuchokera ku Chiradzulu, Beira, London, New York, Nashville, Nsanje, Cape Town, Liberia mpaka kubwerera pa Mbombwe. Pa masamu, aŵerengere zaka za pakati pa 1905, 1917, 1921 ndi 1926, ndiponso ayerekeze makilomita 400 ndi mtunda wa pafupifupi makilomita 50 wochokera pa Namitete kukafika mu mzinda wa Lilongwe. Pa Chicheŵa, achite mtsutso pa mutu wakuti kodi makolo a Daniel adalakwa pomkaniza, kenaka aliyense alembe chimangirizo chofotokoza chopinga chachikulu pa maphunziro ake. Zimangirizo zimenezi mphunzitsi aziŵerenge yekha mosamala, osaziŵerengera pagulu, pakuti m'menemo adzapezamo zimene kaundula sanena. Ngati nkotheka, aitane namwino kapena dokotala wa pa chipatala cha St Gabriel ku Namitete kapena cha ku Kabudula kuti adzacheze ndi ana, chifukwa mwana amalakalaka chimene wachiona.

Mayi DeLaney adakhala pa Mbombwe zaka zitatu zokha, nthaŵi yofanana ndi imene ambiri a ife timakhala pa sukulu imodzi tisanasamutsidwe. Sadadziŵe kuti mnyamata wowatanthauzira mawu adzamanganso mishoni yogumuka ndi kuchiritsa anthu a kwawo kwa zaka zoposa 40. Nafenso sitidziŵa amene wakhala pansi kumbuyo kwa kalasi lathu, wopanda nsapato, kope lake lili m'jumbo ya shuga. Udindo wathu ndi kudziŵa dzina lake, kudziŵa kwawo, ndi kufunsa za iye tsiku limene sadabwere.