Harry Mwaanga Nkumbula, Mwana wa ku Maala

Mudzi wa m'mbali mwa Kafue

M'Cigawo ca Kumwera muli tauni yaing'ono yochedwa Namwala. Tauniyi ili pafupi ndi mtsinje wa Kafue. M'dera lomwelo muli mudzi wa Maala. Anthu a kumeneko ndi Aila, ndipo amalankhula Ciila.

Aila amakonda ng'ombe kwambiri. Moyo wao umayendera pamodzi ndi madzi a mtsinje. M'dzinja Kafue amasefukira, madambo onse n'kudzaza madzi. Pamenepo abusa amakusira ng'ombe kumtunda, pafupi ndi midzi. Madzi akaphwera, m'madambo mumatsala msipu wobiriwira, ndipo ng'ombe zimabwererako kukadya. Asodzi naonso amapalasa mabwato ao kukagwira nsomba.

Ku Maala kumacitika mwambo waukulu wochedwa Shimunenga. Pa mwambowu Aila amakumbukira kholo lao. Ng'oma zimalira, amai amaimba ndi kuvina, ndipo amuna amaonetsa ng'ombe zao. Kenaka ng'ombe zambirimbiri zimaoloka madzi, anthu ali kusangalala.

M'mudzi umenewu munabadwa mwana wamwamuna m'caka ca 1916. Dzina lake linali Harry Mwaanga Nkumbula. Masiku amenewo dziko lathu silinali kuchedwa Zambia ai. Linali kuchedwa Northern Rhodesia, ndipo olamulira anali azungu a ku Britain.

Kusukulu

Harry anakulira pakati pa abusa a ng'ombe, koma mtima wake unali pa maphunziro. Anaphunzira m'sukulu za mpingo wa Methodist. Atakula pang'ono, anapita kusukulu ya mishoni ya ku Kafue. Kumeneko anatsiriza Standard 6 m'caka ca 1934. Nthawi imeneyo ana ocepa cabe ndiwo anali kufika kalasi imeneyi.

Atatsiriza, anakhala mphunzitsi. Poyamba a Nkumbula anaphunzitsa kwao ku Namwala. Pambuyo pake anapita ku migodi. Anaphunzitsa ku Mufulira, kenaka anakhala aphunzitsi aakulu pasukulu ya ku Wusakile, mu Kitwe.

Ku migodi anaona zinthu zowawa. Munthu wakuda anali kulandira ndalama zocepa kuposa mzungu. Anali kuyenda ndi citupa. M'masitolo ambiri sanali kuloledwa kulowa mkati. Anali kuima panja n'kugulira pa kawindo. A Nkumbula anayamba kusonkhana ndi anzao kuti akambirane za mavuto amenewa.

Iwo sanaleke kuphunzira. Anapita ku Chalimbana, kenaka ku Makerere m'dziko la Uganda, ndipo pomaliza anafika ku London. Ku London anakumana ndi a Hastings Kamuzu Banda a ku Malawi. M'caka ca 1949 awiriwa analemba cikalata cokana citaganya.

Kodi citaganya cinali ciani? Azungu anafuna kuphatikiza maiko atatu kuti akhale pansi pa boma limodzi. Maikowo lero ndi Zambia, Zimbabwe ndi Malawi. Anthu akuda anaopa kuti zikatero, azungu ocepa adzalamulira mpaka kalekale.

Ku Chilenje

A Nkumbula anabwerako ku London mu 1950. Caka cotsatira, mu 1951, anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa cipani ca anthu akuda. Cipanico cinadziwika ndi dzina lakuti African National Congress, mwacidule ANC. Ofesi yake yaikulu inali ku Chilenje, mu Lusaka muno.

Chilenje wa masiku amenewo anali komboni ya anthu akuda. Nyumba zinali zing'onozing'ono. Koma anthu ocokera kutali anali kufika ku ofesi ija kudzanena madandaulo ao. Mu 1953 kunabweranso mphunzitsi wina wacinyamata wocokera ku Chinsali. Ameneyo anali a Kenneth Kaunda. Iwo anakhala mlembi wamkulu wa cipani, ndipo anagwira nchito pamodzi ndi a Nkumbula.

Caka comweco a Nkumbula anacita cinthu cofuna kulimba mtima. Pamsonkhano mu Lusaka anatentha cikalata ca boma conena za citaganya, anthu onse ali kupenya. Anapemphanso anthu kuti asapite kunchito masiku awiri, koma akhale kunyumba ndi kupemphera. Ambiri anaopa kucotsedwa nchito, ndiye anapita ndithu kunchito. Citaganya cinayamba mu 1953 momwemo. A Nkumbula analephera, koma sanataye mtima.

Mu 1954 cipani cinauza anthu a mu Lusaka kuti aleke kugula nyama m'masitolo a tsankho. Anthu ambiri a m'makomboni anamvera. Analolera kudya nsima ndi ndiwo zamasamba kusiyana ndi kugulira nyama pa kawindo. Eni masitolo anataya ndalama, ndipo anthu anaona kuti akagwirizana amakhala ndi mphamvu.

Boma silinakondwe. Mu 1955 apolisi anapeza mabuku oletsedwa ndi boma. A Nkumbula ndi a Kaunda anatsekeredwa m'ndende miyezi iwiri.

Abwenzi apatukana

Patapita zaka zocepa, abwenzi awiri aja anayamba kusiyana maganizo. A Kaunda ndi anzao anafuna kuti ufulu ubwere msangamsanga. A Nkumbula anafuna kuyenda pang'onopang'ono. Mu 1958 anapatukana. Pambuyo pake a Kaunda anakhala mtsogoleri wa cipani ca UNIP. Kuyambira 1960 mpaka 1962 anali kukhala m'nyumba ya nambala 394 ku Chilenje komweko. Nyumbayo ikalipo mpaka lero, ndipo ana a sukulu amapita kukaiona.

Cosankha cacikulu

Mu 1962 kunacitika masankho. Cipani ca UFP, cimene cinali kufuna citaganya, cinapeza mipando 16 m'nyumba ya malamulo. UNIP inapeza mipando 14. ANC ya a Nkumbula inapeza mipando 7 cabe. Panalibe cipani cimene cikanalamulira pacokha.

Tsopano maso onse anali pa a Nkumbula. A UFP anali kuwafuna. A UNIP naonso anali kuwafuna. Akanapita ku UFP, citaganya cikanapeza mphamvu, ndipo ufulu ukanacedwa. Akanapita ku UNIP, akanagwira nchito ndi anthu amene anawasiya. Cinali cosankha covuta zedi.

A Nkumbula anasankha kugwirizana ndi a Kaunda. Mipando 14 kuphatikiza 7 inakwana 21, kuposa 16 ija. Mu December 1962 zipani ziwirizi zinapanga boma limodzi. Aka kanali koyamba kuti zipani za anthu akuda zipange boma m'dziko muno. A Nkumbula, mphunzitsi wakale uja, anakhala nduna yoona za maphunziro a ana akuda.

Citaganya cinatha kumapeto kwa 1963. Pa 24 October 1964 dziko lathu linalandira ufulu, n'kuchedwa Zambia. Pulezidenti woyamba anali a Kaunda. A Nkumbula sanakhalepo pulezidenti wa dziko. Anakhala mtsogoleri wa cipani cotsutsa. Nchito yao inali kudzudzula boma likalakwa. Mu 1973, ku Choma, anasaina pangano lolowa m'cipani ca UNIP.

Kubwerera kwao

A Nkumbula anamwalira pa 8 October 1983. Anaikidwa kwao ku Maala, kufupi ndi madambo a Kafue kumene anabadwira. Mu 2011 boma linacha bwalo la ndege la ku Livingstone dzina lao. Ku Maala ng'ombe zikali kuoloka madzi pa Shimunenga. Ku Chilenje, kumene kunali ofesi ija, ana amapita kusukulu ndipo makolo ao amalowa m'sitolo iliyonse imene afuna.

Mau atsopano

Msipu: udzu wanthete umene ziweto zimadya.
Citupa: pepala limene munthu wakuda anali kuyenda nalo pa nthawi ya azungu.
Citaganya: maiko angapo okhala pansi pa boma limodzi.
Tsankho: kukondera anthu ena ndi kunyoza ena.
Nduna: munthu wothandiza kuyendetsa boma.

Yankhani mafunso awa

1. Kodi a Nkumbula anabadwira m'mudzi uti?
2. Kodi abusa a ku Maala amacita ciani mtsinje ukasefukira?
3. Chulani malo awiri kumene a Nkumbula anaphunzitsa.
4. Kodi ofesi yaikulu ya ANC inali kuti?
5. N'cifukwa ciani anthu a mu Lusaka analeka kugula nyama mu 1954?
6. Kodi a Nkumbula anasankha kugwirizana ndi ndani mu 1962?

Zocita

Muli awiriawiri, kambiranani izi: kodi munayambanapo ndi mnzanu, kenaka n'kugwirizananso? Cinakuthandizani n'ciani?

Kunyumba, funsani agogo kapena munthu wina wamkulu zimene akumbukira za a Nkumbula. Lembani ziganizo zitatu m'buku lanu, ndipo mawa mudzawerengere anzanu.