Mau a mwana nawonso amakoma akagonera

Dzana ndili pamsika wa Liwonde, foni yanga inakana chithunzi, ati malo atha. Pomwepo ndinakumbuka malemu Jacob Bekenstein, wasayansi wobadwira ku Mexico City mu 1947.

Mu 1972, akadali wophunzira wa John Wheeler ku Princeton, mnyamatayu anati zimene dzenje lakuda la mlengalenga labisa zimayezedwa ndi kukula kwa kunja kwake. Stephen Hawking anamutsutsa. Koma mu 1974 masamu a Hawking yemweyo anavomereza mfundoyo.

Mu 1981 Bekenstein anapitiriza: malo alionse ali ngati thumba, amadzaza. Malire a nkhani zosungidwamo amatsata mphamvu kuchulukitsa ndi mtunda wochokera pakati kufika m'mphepete. Pa kilogalamu imodzi ndi mita imodzi, malirewo ndi ma bit pafupifupi 26 otsatidwa ndi maziro 42. Mukatembenuza masamuwo, mupeza mphamvu yochepetsetsa yosungira nkhani zanuzo.

Anamwalira ku Helsinki mu 2015. Aphunzitsi, mwana akakutsutsani ndi masamu m'manja, musamutseke pakamwa. Yambani mwawerengetsa.